Mng'alu wa M'chipinda cha Atate

Nyumba yathu ya ku Nangongwe anamanga atate ndi manja awo. Anabwera ku Kafue kuchokera kummawa ali mnyamata, kudzagwira ntchito ya pa njanji, ndipo Loweruka lililonse ankaumba mabuloko khumi kapena makumi awiri kuseri kwa nyumba ya lendi, mpaka anakwana. Amayi atamwalira, atate anandiitana kuti ndibwere ndi mkazi wanga ndi ana tidzakhale nawo. Iwo anasankha chipinda chakumsewu. Ankati amakonda kumva mapazi a anthu akupita ku ntchito m'mawa.

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ndimapanga mageti, zitseko ndi zitsulo za m'mawindo pafupi ndi msika. Anthu amandidziwa kuti geti langa siligwa, amandidziwanso kuti ndili ndi mtima wapachala. Sindikana. Ndakalamba nawo mtimawo, ndipo nkhani iyi ndi ya zimene unandigulira.

Chaka chimene a kampani ina anabwera kudzakonza msewu wathu, tonse tinakondwa. Tinali titatopa ndi fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja, moti a minibasi ankatitsitsira kutali n'kutiuza kuti kwatsalako tiyende tokha. Anayamba ndi kukumba ngalande, ndipo ya mbali yathu inadutsa pafupi kwambiri ndi maziko a nyumba. Kenako anabweretsa chimakina chopondera miyala, chija timati rola. Chikamadutsa nthaka yonse inkanjenjemera, makapu n'kumayenda okha pa shelefu. Atate ankakhala pakhonde n'kumachiyang'ana osachikhulupirira. Tsiku lina anakodola kapitao wa ntchitoyo n'kumupempha mwaulemu kuti pamene nyumba zayandikira azidutsa mosagwedeza kwambiri. Kapitao anangoseka, nati msewu wosapondedwa ndi dimba, mudala apume, ntchito asiyire eni ake.

Patatha masiku atatu mkazi wanga anandiimbira foni ndili ku ntchito, nati ndibwere msanga ndidzaone. Ndinapeza chipupa cha chipinda cha atate chitang'ambika kuyambira pansi pa windo mpaka kumalata. Zala zanga zinayi zinkalowa, ndipo ndili mkati ndinkaona anthu akudutsa pamsewu. Mng'alu wina unadutsa pamwamba pa chitseko n'kukatulukira pabalaza. Chidutswa cha pulasitala chachikulu ngati mbale chinali chitagwera pabedi, pamtsamiro penipeni. Atate anali panja nthawi imeneyo.

Ndinatuluka panja. Kapitao ndinamupeza ataima pamthunzi akumwa madzi, ndinamugwira pakolala n'kumukokera kunyumba kuti akaone ndi maso ake. Antchito ake anandichotsa. Atakonza malaya ake anati iye salipira nyumba za anthu, ndipite ku kampu ya kampani, kunja kwa tauni, kumeneko kuli ofesi ya madandaulo.

Ku ofesiko kunali mayi wina wa magalasi. Anandipatsa fomu, ndinalemba zonse, ndinamuonetsa zithunzi za pafoni. Anati zithunzi n'zabwino koma sizinena kuti mng'alu unayamba liti, nyumba zakale zimang'ambika zokha. Injiniya wawo ayenera kubwera kudzayeza yekha. Kenako anandiuza mawu amene ndinawanyamula miyezi isanu ngati lamulo la m'Baibulo.

“Musakhudze paliponse, ba bosi. Mukamata, injiniya sadzaona kanthu, ndipo kampani siidzalipira. Masabata awiri okha.”

Madzulo a tsiku lomwelo atate anayendera mng'aluwo. Anagwada movutikira, analowetsa ndodo yawo pansi, anagogoda buloko lililonse n'kumamvetsera. Atadzuka anati maziko sanafe, chipupa changotseguka pakamwa, chingasokedwe. Anandifotokozera mmene ankachitira kale: umasema timizere todutsa mng'alu, chikhatho chimodzi kapena ziwiri pakati pake, umagoneka chitsulo chopindidwa nsonga zonse ziwiri mu kamzere kalikonse, n'kutsekera ndi simenti yolimba. Anati zitsulo zotsala zadzaza ku shopu kwanga, chofunika ndi matumba atatu a simenti ndi mchenga wa kumtsinje, ntchito ya tsiku limodzi.

Ndinakana. Ndinati amene waswa ndiye akonze. Ndinati tikamata tokha ndiye kuti tawaombera m'manja, mawa adzagwetsa nyumba yonse podziwa kuti anthu a ku Nangongwe amangoti zikomo. Ndilembe momveka pano kuti wina asadzandimvere chisoni cholakwika: ndalama ya matumba atatu a simenti ndinali nayo. Sunali umphawi.

Inali nyengo yozizira. Mphepo yochokera kumadambo a mtsinje inkalowa pamng'alu paja ngati mluzu, ndipo masana fumbi la makina linkalowera pomwepo. Mkazi wanga anatsekapo ndi masaka, koma ine ndinachotsa ena kuti injiniya akabwera asanene kuti tabisa kanthu. Atate anali kale ndi chifuwa cha ukalamba, ndipo sabata isanathe anayamba kutsokomola mpaka kugwira khoma. Chipinda china chowaikamo panalibe. Ana athu anali odzazana m'chimodzi, ndipo pabalaza pomwe chipupa chinali chosadalirika.

Mlongo wanga, amene anakwatiwa ku Shimabala kwa mlimi wa ndiwo zamasamba, anabwera kudzawaona. Atamva chifuwacho anati awatenga. Atate sanafune. Anati iwo sanakhalepo pakhomo pa mkamwini chibadwire, mwamuna wamkulu wokhala ndi nyumba yake sapempha madzi osamba kwa mwamuna wa mwana wake. Ndine ndinawanyengerera. Ndinati ndi masabata awiri okha, atate, kampani ikangokonza ndidzabwera ndekha kudzakutengani. Pamapeto pake anauza mkazi wanga kuti awaikire malaya atatu okha m'chikwama.

Masabata awiri anatha. Ndinapita ku kampu, anati injiniya ali ku Lusaka. Sabata yotsatira anati wabwera koma galimoto yake yawonongeka. Kenako anati nyumba zodandaula zachuluka, akuyenda motsata mndandanda. Ulendo wachisanu mayi wa magalasi uja anafufuza m'mafayilo, anatsegula kabati, anatseka, nati fomu yanga sikuoneka, ndilembe ina. Pamenepo mutu wanga unatentha. Ndinamenya tebulo mpaka cholembera chinagwa pansi. Ndinamutcha wakuba, ndinati iye ndi mabwana ake amadya nyumba za amasiye. Mpando umene ndinakhalapo ndinaukankha ndi phazi, unakagunda chitseko. Alonda awiri ananditulutsa atandigwira mikono, ndipo kuyambira tsiku limenelo wa pageti akangondiona patali ankatseka.

Mkazi wanga ndiye anayamba kupitako m'malo mwanga. Ankavala chitenje chake cha kutchalitchi, n'kukakhala pabenchi theka la tsiku, malonda ake a tomato atasiyira mnzake. Pobwera sankanena zambiri. Tsiku lina anangoti mayi ndinamutukwana uja ali ndi ana atatu ndipo si iye amayendetsa rola. Ndinamuuza kuti ngati wapeza chibale ku kampani asamukire komweko.

Mwezi wachitatu injiniya anabweradi m'msewu wathu. Anayeza nyumba ya mayi wogulitsa makala, yachitatu kuchokera pathu, anayezanso ya mphunzitsi wa tsidya la ngalande. Pathu anadutsa. Mkazi wanga atamuthamangira, iye anayang'ana papepala lake nati dzina lathu palibe, mwina lili pa ulendo wotsatira. Kaya analichotsa dala chifukwa cha mpando uja, kaya linangosowa ngati fomu yoyamba, sindidziwa mpaka lero. Mayi wa makala anamumangira chipupa chatsopano. Ine m'malo moti ndiphunzirepo kanthu, ndinalimba mtima kwambiri. Ndinati mwaona, amalipira, bola osakhudza.

Lamlungu lililonse ndinkakwera minibasi kupita ku Shimabala. Mlamu wanga ndi munthu wabwino, sindinganame. Anawapatsa atate chipinda chabwino kuposa chimene iye ankagona, ankawabweretsera mkaka, ankawatcha atate monga ife. Koma ndinkawapeza atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, kumbuyo kwawo kuli mizere ya repu ndi kabichi, nkhope italoza kumsewu waukulu. Mlongo wanga anandinong'oneza kuti zovala zawo akachapa n'kuika m'kabati, iwo amazibwezera m'chikwama. Nshima ankangoidya pang'ono, ankaopa kuoneka ngati akumaliza ufa wa eni ake. Akafuna madzi osamba sankanena, ankadikira mpaka wina akumbukire.

Funso lawo linali limodzi. Ndikangokhala pansi, moni usanathe, ankafunsa ngati anthu anga a kampani aja abwera. Ine ndinkati sabata ya mawa. Ankagwedeza mutu n'kuyamba kufunsa za ena: ngati mpapaya wa kuseri wabereka, ngati mnzawo wa pa njanji uja wa mwendo umodzi akadali moyo, ngati ana akutseka geti.

Lamlungu lomaliza kunali kotentha kwambiri, mitambo itayamba kusonkhana. Ndinawapeza ataonda, kolala ya malaya ikuoneka yaikulu. Mlamu wanga anali pomwepo akukonza paipi yothirira. Atate sanafunse za kampani. Anati:

“Ndipititse kwathu. Ngati chipinda sichinakonzeke ndikagona pakhonde.”

Ndinati mvula yayandikira, pakhonde sipogona munthu wa chifuwa, apirire pang'ono, tatsala pang'ono kuwina.

“Kuwina chiyani, mwana wanga? Chipupa sichidziwa kuti walakwa ndani. Chimangofuna simenti.”

Ndinakweza mawu. Pamaso pa mkamwini wawo, ine mwana wawo woyamba ndinawakalipira atate anga ngati mwana. Ndinati m'badwo wawo ndi umene unatizoloweretsa kugwada, anagwira ntchito zaka zonse zija n'kuchoka ndi wotchi ndi chifuwa, ndipo tsopano akufuna ine ndigwadirenso anthu amene atiswera nyumba. Mlamu wanga anasiya paipi n'kupita kumunda mwakachetechete. Atate anangoyang'ana manja awo. Mlongo wanga anatuluka ndi madzi osamba m'manja kuti tidye, ine ndinati ndakhuta, n'kunyamuka. Nditafika pamsewu mkwiyo unali utatha kale, ndipo ndinaganiza zobwerera. Minibasi inaima, kondakitala anati Kafue, Kafue, ndinakwera. Ndinati ndidzapepesa Lamlungu.

Lachinayi m'mawa, ndikuyatsa makina ku shopu, mlongo wanga anaimba. Anati atate amwa tiyi, apempha kuti awatulutsire mpando panja, ndipo pamene iye amapita kukatenga kapu anawapeza atatisiya. Mvula yoyamba inali itagwa dzulo lake.

Nditafika ku Shimabala thupi linali litapita kale kuchipatala, ndipo mlamu wanga ndi abale ake anali atayamba kutulutsa mipando m'nyumba kuti azimayi apeze pokhala. Zinkaoneka zachidziwikire kuti maliro akhala pomwepo, poti kwathu nyumba inali yong'ambika. Chakumasana anafika madala atatu, anzawo a atate a pa njanji, okhawo amene anatsala. Anabwera pa minibasi atavala majekete awo akale, wa mwendo umodzi uja ali pakati. Anakhala pansi, analira pang'ono, kenako wamkulu mwa iwo anandiitana ine ndi mlongo wanga. Anayamba ndi kuthokoza mlamu wanga chifukwa chosunga mnzawo. Kenako anati munthu amene anaumba mabuloko ake yekha salilidwa pakhomo pa mkamwini. Anati anthu a kummawa akabwera adzafunsa kuti nyumba ya malemu ili kuti, nanga tidzawalozera munda wa kabichi? Maliro apite ku Nangongwe.

Ndinati chipupa sichili bwino, azimayi adzakhala pansi atatsamira makoma masiku atatu, chingawagwere. Ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinawonjeza kuti a kampani sanabwerebe kudzayeza.

Mdalayo anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Kodi a kampaniwo ndi amene adzanyamule bokosi?”

Palibe anaseka. Mlongo wanga anaphimba nkhope ndi chitenje.

Lachisanu m'mawa ndinagula matumba atatu a simenti. Mchenga anabweretsa mnansi wathu pa wilibala. Ndinapita ku shopu, ndinatola zitsulo zotsala zimene zinali mulu pakona chaka chonse, ndinazidula, ndinapinda nsonga zake. Mmisiri wina womanga wa m'dera lathu anabwera ndi tchizulo chake chosemera osaitanidwa, ndipo za malipiro anakana kumva. Madala aja tinawaikira mipando pakhomo pa chipinda, n'kumatilangiza: apa sema mozama, apo wasiya mpata waukulu, nyowetsa kaye buloko lisanamwe simenti. Zonse zinali monga atate ananenera. Ine ndinkagoneka chitsulo chilichonse ndi dzanja langa. Palibe anandinena kanthu, ndipo ndinkalakalaka wina atanena.

Tinayamba dzuwa litakwera pang'ono. Ana a sukulu akubwerera kunyumba, tinali tikutsuka mafosholo. Ndinayang'ana nthawi pafoni, ndinawerenga ndi zala. Maola asanu ndi limodzi. Ndinapita kuseri kwa chimbudzi n'kukhala pansi m'matope, ndipo ndi pamene ndinalira koyamba.

Madzulo azimayi anayala mphasa, a kutchalitchi anayamba nyimbo, amuna tinakhala panja pansi pa tenti. Abale a kummawa anafika Loweruka, anaona nyumba, anati malemu anali mwamuna. Tsiku loika, ndinapempha woyendetsa galimoto ya maliro kuti tisanapite kutchalitchi adutse kunyumba. Tinanyamula bokosi anthu asanu ndi mmodzi, tinalipendeketsa pang'ono pachitseko, n'kuliika pamipando iwiri m'chipinda chawo. Simenti inali isanaume bwino, inali yakuda ndipo inkanunkha chinyezi. Mazenera tinatsegula. Panja anthu ankadutsa pamsewu watsopano, ena ankaima n'kuvula zipewa. Atate anakhala m'chipinda chawo mwina theka la ola, kenako wa galimoto analiza hutala kuti abusa akudikira.

Patatha masiku anayi chiikireni maliro, tenti itachotsedwa koma phulusa la moto likadali pabwalo, abale ochepa akadalipo kudikira kugawa zovala za malemu, galimoto yoyera inaima pageti. Anatsika bambo wa msinkhu wanga, atavala chisoti cha ntchito, m'manja ali ndi tepi yoyezera ndi fayilo. Anatchula nambala ya nyumba yathu, nati ndi injiniya wa kampani, wabwera kudzaona mng'alu. Ataona phulusa ndi azimayi ovala zakuda anavula chisoti. Anafunsa kuti wamwalira ndani. Nditamuuza anati pepani kwambiri, analowetsa dzanja m'thumba n'kuika kandalama m'mbale ya chipepeso imene inali ikadali pakhonde. Sanali munthu woipa. Zikanandipepukira akanakhala woipa.

Ndinamulowetsa m'chipinda. Anayang'ana chipupa, anayendetsa chikhatho pa simenti yatsopano kuyambira pansi mpaka pamene dzanja lake linafika. Anati amene anasoka apa amadziwa ntchito. Kenako anatsitsa mawu nati sangalembe chimene sanayeze, lamulo la ntchito yake silimulola, ndipo pafomu alemba kuti mwini nyumba anakonza yekha asanafike.

Ndinamuuza kuti adikire. Ndinatuluka, ndinatenga hamala yaikulu ndi tchizulo chimene mmisiri uja anaiwala pakhonde. Ndinabwerera m'chipinda. Ndinati ngati akufuna mng'alu ndimupatsa mng'alu wake, ndiswa zonse aone mkati, ayeze mpaka tepi yake ithe. Iye anabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma linalo. Ndinaika tchizulo pa simenti, pansi pa windo, ndinakweza hamala.

Mlongo wanga anali ataima pachitseko, malaya a atate ali m'manja, amene ankawapinda kuti agawidwe. Sanakuwe. Analankhula ngati akundifunsa za mtengo wa tomato.

“Alongo, mukufuna kuwatulutsanso kachiwiri?”

Dzanja langa linakhala m'mwamba kanthawi. Kenako ndinatsitsa hamala, ndinaiika pansi pang'onopang'ono kuti isaswe simenti ya pansi. Injiniya anatsegula fayilo, anandionetsa pamene ndiyenera kusaina. Sindinawerenge. Ndinasaina, ndinamuperekeza mpaka pageti monga timachitira ndi aliyense wobwera kudzapepesa maliro, ndipo ndinamuthokoza chifukwa chobwera.

Ku kampu sindinapitenso. Mphunzitsi wa tsidya la ngalande anandiuza kuti ndikhoza kukadandaula kwa akuluakulu ku Lusaka, zithunzi ndili nazo, mboni zilipo msewu wonse, ndipo anadzipereka kundilembera kalata ya Chingerezi chabwino. Mwina ndikanawina. Ndinamuuza kuti asavutike. Ntchito ya msewu itatha a kampani anapasula kampu yawo n'kupita kwina, ndipo pamalopo pamera udzu.

Mlongo wanga amabwerabe mwezi ndi mwezi. Amatibweretsera repu ndi anyezi, amakhala kukhitchini ndi mkazi wanga, amaseka ndi ana. Ine amandipatsa moni mwaulemu, amagwada pondipatsa madzi, amandifunsa za ntchito. Dzuwa likapendeka amanyamuka, sagona. Za Lamlungu lija, zimene anamva ataima ndi beseni m'manja, sanazitchulepo ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akananditukwana tsiku limodzi pamaso pa anthu, koma iye si ine.